Bulu Wanga Sakwera Bwato

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi nambala 7, lachiwiri kuchokera pazenera. Kope ili ndi lomwe ndimalembamo manambala a mamita a madzi. Masamba akumbuyo anatsala oyera, ndiye ndilembemo za phazi langali, poti dzanja linazolowera kale kulemba kenakake tsiku lililonse.

Shuga polowa: 24. Akuti afunika atsike mpaka pansi pa 10. Diripi kudzanja lamanzere, insulini m'mawa ndi madzulo, mankhwala opha tizilombo kudzera mu diripi katatu pa tsiku.

Nkhani yake ndi yochititsa manyazi. Kamsomali kanalowa pansi pa nsapato n'kutulukira mkati. Ine osamva kanthu, poti phazi lamanzereli linachita dzanzi kalekale chifukwa cha shuga. Ndinayenda nako sabata yathunthu, nyumba 140 pa tsiku. Anazindikira ndi akazi anga pochapa sokosi. Kenako ndinakhala masabata atatu ndikumangapo kansalu n'kumati chilondacho chipola chokha. Lero zala ziwiri zada bii, ndipo fungo lake ndikulimva ndekha.

Zaka 27 ndikuyenda khomo ndi khomo. Agalu onse a dera langa amandidziwa, ena mpaka kukoma kwanga akukudziwa. Koma wondigwetsa ndi msomali wosakwana n'theka la chala.

Lachiwiri, 4 Juni

Shuga 19. Atenga magazi, ajambula phazi. Kutsuka bala 9 koloko. Sindinalire, koma chitsulo cha bedi chikanakhala ndi pakamwa chikanandisumira.

Kuchokera pabedi kukafika kuchimbudzi: mapazi 31, motsimphina. Kuwerenga mapazi ndi matenda ena omwe ndinawatenga kuntchito, ndipo amenewo alibe mankhwala.

Pabedi 8, lapazenera, pali a Telala. Ndi aakulu kundiposa, owonda kumtunda koma miyendo yotupa ngati mapilo. Akuti mtima wawo unatopa ndipo madzi akudzaza m'chifuwa. Amapuma ndi mpweya wa m'silinda, kapaipi kali m'mphuno. Moni wawo woyamba unali uwu:

"Buluku lanulo anasoka ndani?"

"Ndi la kuntchito, amachita kutipatsa."

"Zikuoneka. Mwendo wina ukupita kutchalitchi, wina kumsika."

Anditcha kale a Mamita.

Lachitatu, 5 Juni

Adokotala ndi mayi wamfupi wamagalasi, msinkhu wa mwana wanga, ndipo sapita m'mbali. Anatseka makatani n'kukhala pampando.

"Bambo, magazi sakufika bwino kuphaziku, ndipo matenda alowa m'fupa. Mankhwalawa angochedwetsa, sachiza. Tikufuna tidule mwendo pansi pa bondo. Tikatero msanga bondo litsala, ndipo munthu wa bondo amayenda bwino ndi mwendo woikirira. Tikachedwa tidzadula pamwamba. Tikachedwetsetsa matenda alowa m'magazi, ndipo pamenepo nkhani sikhalanso ya mwendo."

Anandipatsa fomu yoti ndisaine. Ndinakanitsitsa kwamtuwagalu. Ndinati ndabwera ndi miyendo iwiri, ndituluka ndi iwiri. Iwo anangoti, "Fomuyi ikhala mu dirowa yanuyo. Cholembera ndaona muli nacho."

Akazi anga analira mwakachetechete akusenda lalanje lomwe sindiloledwa kudya lonse. Ndili ndi mantha. Ndalemba pano chifukwa pakamwa sizituluka.

Lachinayi, 6 Juni

Shuga 16.

Kwabwera Chisamba, mwana wanga wamkazi woyamba. Timamutcha choncho chibadwire, dzina lake lenileni limangogwira ntchito pamapepala. Amakonza makompyuta pa ofesi ina. Wabwera ndi laputopu yake yakale ndi kachipangizo ka mabatani kogwira m'manja.

"Bambo, m'malo mongoyang'ana denga, sewerani gemu iyi."

Ine amene ndinkamuzulira chingwe kukhoma ali kusekondale chifukwa cha magemu omwewa! Ndinamukumbutsa. Iye akuti, "Ndikukumbuka bwinobwino. Ndiye ndabwera kudzabwezera."

Ndimayesa ndi zija zowomberana. Ayi. Muli munthu wonyamula kalata. Kwawo, m'chigwa china, zitsime zauma, ndipo anthu amutuma kumzinda wa tsidya la mtsinje waukulu kukapempha amisiri a madzi. Ulendo wa masiku ambiri. Amupatsa bulu wokalamba woti azimunyamulira katundu. Gemu inandifunsa dzina la buluyo. Ndamutcha Kapitawo, pokumbukira wa kuntchito kwathu. Onse awiri amaima pomwe afuna ndipo sauzidwa kanthu.

Chisamba wandiphunzitsa kuseva, ndiko kuika chizindikiro pomwe wafika, kuti ukafa kapena ukalakwitsa ubwerere pomwepo n'kuyambiranso. Ndinati, "Amene anapanga izi ali ndi chifundo kuposa adokotala akowa." Sanaseke.

Ola loyamba ndinangogunda makoma ndi kugwera m'ngalande. A Telala anaseka mpaka Sisitala anabwera kudzawakonzera kapaipi ka mpweya.

Loweruka, 8 Juni

Shuga 14. Kutentha thupi 37.9. Bala likutulukabe mafinya.

Zala zazolowera mabatani. Sisitala alola kuti tiyandikize mabedi pang'ono, laputopu izikhala pakathebulo ka chakudya pakati pathu, bola tizizimitsa nthawi ya adokotala ndi ya mankhwala. Sisitalayu mawu ake ndi a mvula yamabingu koma manja ake ndi ofewa.

Sindikudziwa ndifotokoze bwanji. Ukamayenda udzu umagwedezeka ndi mphepo. Mitambo imasonkhana, mvula n'kuyamba, ndipo anthu amathamangira kukaanula zovala. Ukaima nthawi yaitali Kapitawo amakugunda ndi mphuno kumsana. Dzulo ndinathandiza mayi wina wogulitsa mchere kukankha ngolo yake yomwe inatitimira m'matope. Lero ndamupeza pamsika wa mudzi wina, wandizindikira, wandipatsa moni n'kundifunsa za bulu. Ndinayankha mokweza, "Ali bwino, mayi, zikomo," wodi yonse kuseka.

Muli njira yachidule: ukadina pamapu umangopezeka wafika. Chisamba anandionetsa, ine ndakana. Ndiyenda wapansi. Kuchokera pachitsime chouma kukafika pachigayo cha mphepo ndi mapazi 2,260, ndawerenga ndekha.

Kwa maola atatu lero sindinakumbuke kuti ndili ndi phazi lowola.

Lamulungu, 9 Juni

Tsiku la alendo. Akazi anga abwera ndi supu wa nkhuku wopanda mchere, mazira awiri owiritsa, tiyi wopanda shuga. Chakudya cha munthu wolangidwa.

Mlamu wanga akuti akudziwa munthu wa mankhwala opaka amene anapoletsa bala loposa ili. Ndinamvetsera ndi makutu onse awiri, poti ndi zomwe ndimafuna kumva. Akazi anga anamuyang'ana kamodzi kokha mchimwene wawoyo, iye n'kuyamba kukamba za mvula.

Kwa a Telala sikunabwere munthu. Akazi awo anamwalira, mwana wawo amakhala kutali. Akazi anga anawagawira supu. Anamwa masupuni anayi n'kunena kuti, "Mayi, mcherewu munaubisa bwino, sindinaupeze."

Lachiwiri, 11 Juni

Shuga 13. Kutentha 38.2. Asintha mankhwala a mu diripi, akuti oyamba aja sakugwira. Sisitala ajambula mzere ndi cholembera pamwendo pomwe kutupa kwalekezera, zala zinayi pamwamba pa kakolo. Akuti tiziona ngati kukudumpha mzerewo.

Ine ndi a Telala timaona zosiyana m'gemumu. Iwo amaona zovala. "Taimani kaye, a Mamita, muzungulireni mkuluyo. Mwaona phewalo? Amene anajambula jekete iyi anakhalapo pamakina, apo ayi mayi ake anali telala."

Ine ndimapita kuseri kwa nyumba iliyonse. Ndi chizolowezi. Mita sikhala pakhomo la alendo, imakhala kuseri, ndipo banja umalidziwira kumeneko, osati pabalaza. Ndimayembekezera kupeza khoma lopanda kanthu. Koma ayi ndithu. Kuseri kwa nyumba ina kuli chingwe choyanikapo, pali malaya a munthu mmodzi yekha. Kwina kuli mabotolo obisidwa pansi pa nkhuni. Kwinanso kuli nsapato imodzi ya mwana pambali pa kamanda kozunguliridwa ndi miyala, ndipo mwini nyumbayo ukamulankhula amayankha mawu awiri basi.

Gemu sinanditume kumeneko, ndipo palibe mphotho iliyonse. Munthu wina anakhala pansi n'kuika nsapato imeneyo pamalo pomwe mwina sipadzafika aliyense. Zaka zonsezi ndakhala ndikuona zinthu zotere ndekha, wopanda womuuza, poti wowerenga mita amayenera kukhala wosaona ndi wosamva. Lero zinakhala ngati panali wina amene ankayenda nane nthawi yonseyo. Ndinadziphimba kumaso ndi bulangeti kwa kanthawi, ndipo a Telala anayang'ana pazenera mpaka nditamaliza.

Lachitatu, 12 Juni

Tafika pamtsinje. Wadzaza, madzi ofiira, tsidya silikuoneka bwino, nsanja zazitali zokha mu nkhungu. Pamapu, mbali yomwe tayenda ndi kachigawo kakang'ono. Kwina konseko n'kwakuda.

Padoko pali nkhalamba yopalasa bwato ndi mkazi wake. Mkaziyo akuti anthu a mumzinda amavala majasi a buluu osaoneka msoko. A Telala anadzuka papilo. "Osaoneka msoko? Bodza limenelo. Tiyeni tikaone."

Koma wabwato akuti bwato lake ndi la munthu mmodzi ndi katundu wake. Bulu sakwera. Akuti ndimusiye kwa mkazi wake, amusamala. Akutinso owoloka nyengo ino sabwerera, chifukwa madzi akukwerabe.

Ndinaseva n'kuzimitsa. Kapitawo wandinyamulira katundu masiku sikisi. Anandikoka m'dzenje, anandichenjeza za mimbulu ine ndisanaione. Sindingamusiye kwa anthu osawadziwa. Njira ina iyenera kukhalapo.

Lachinayi, 13 Juni

Shuga 15. Kutentha 38.6. Kutupa kwadumpha mzere ndi chala chimodzi. Sisitala ajambula wina.

M'gemumo ndayesa kusambira ndi Kapitawo, tamira tonse. Kumtunda kuli mlatho, mapazi 3,100, koma ndi wothyoka pakati. Kumunsi kuli miyala yodumphira. Kapitawo anaterereka pamwala wachitatu, madzi anamutenga ine ndikuona, akulira. Ndinabwerera pomwe ndinaseva ndipo anali pomwepo, akudya udzu ngati sikunachitike kanthu. Ndinamupatsa wabwato mpeni wanga ndi bulangeti. Walandira, wathokoza, bulu sakwera.

Adokotala: "Sabata ino ndikhoza kukulonjezani bondo. Ya mawa sindilonjeza." Ndinati ndikuganizabe.

Lachisanu, 14 Juni

Kwabwera a Kapitawo enieni, a kuntchito, ndi nthochi zomwe sindingadye. Anakhala m'mphepete mwa mpando chipewa chili pabondo. A Telala anafunsa mwaulemu wonse, "Kodi eni dzina ndi awa?" Ndinachita ngati ndatsamwa ndi madzi.

Akuti dera langa aligawira anthu awiri pakadali pano, ndipo onse akudandaula. Akuti ndikachira, zivute zitani, mu ofesi muli mpando wolandirira madandaulo a anthu. Amanena ndi mtima wabwino. Ine ndinamva ngati andiuza kukula kwa bokosi langa.

Atapita ndinayesa kumanga phaka la mitengo kuti ndiwolokerepo ndi bulu. Gemu imalola kudula mitengo, koma siilola kuimanga pamodzi. A Telala anagona ndili mkati moyesa.

Loweruka, 15 Juni

Kutentha 38.8. Chakudya sichikulowa.

Ndinauza akazi anga kuti abweretse buluku langa lakuda la Lamulungu, likhale mu loka kudikira tsiku lotuluka. A Telala analiona akulipinda. Akuti thumba latoboka, awapatse alikonze, manja akuwayabwa. Ali ndi kachitini ka singano, ulusi ndi kalumo komwe anabwera nako. Nthawi yotsuka bala anauyang'ana mwendo wanga nthawi yaitali, diso limodzi atatsinzina. Ndinawafunsa ngati akufuna kuugula.

Masana Chisamba anandipeza ndikukokabe bulu m'mphepete mwa mtsinje.

"Bambo, njira imeneyo kulibe. Gemuyi ndinaimaliza kawiri. Aliyense amamusiya buluyo."

"Aliyenseyo ndi waulesi. Sanafufuze."

"Afufuza anthu masauzande. Anaipanga dala choncho."

"Ndiye ndi anthu oipa mtima."

"Si oipa. Nkhaniyo ili tsidya, Bambo. Zomwe mwaonazi ndi pakhomo chabe." Kenako mawu ake anasintha. "Sindinakubweretsereni kuti muzibisalamo. Amayi sakudya. Ine ndikalowa muno ndimayamba ndayang'ana mzere wa pamwendopo ndisanakupatseni moni. Mukudziwa zimenezo?"

Ndinapsa mtima. Ndinati mwendo ndi wanga, ndi womwewu unayenda kuti iye aphunzire, ndipo ngati wabwera kudzandilangiza atenge chinthu chakecho azipita. Anapita. Laputopu anaisiya.

Wolakwa ndine. Sindinamuimbire.

Lamulungu, 16 Juni

Akazi anga abwera okha. Anandimeta ndevu, anandisintha malaya. Pochoka anatsegula dirowa ngati akufuna supuni, anayang'ana fomu ija, n'kutsekanso.

"Bambo, ine sindinakwatiwe ndi mwendo," anatero, akumanga chikwama. Sanadikire yankho.

Lolemba, 17 Juni

Kutentha 39.1. Ndikunjenjemera. Mzere wachitatu, pakati pa msongolo.

A Telala afooka. Amalankhula mawu atatu, kupuma, mawu atatu. Akusokabe pang'onopang'ono atatembenukira kuzenera, kachitini kali pamimba.

"Mwawoloka, a Mamita?"

"Ndikuyesa chakuphiri. Mtsinje uyenera kukhala ndi poyambira."

"Uli napo. Koma ine sindifikako." Anapuma. "Ndadula nsalu zaka makumi anayi. Kasitomala akabwera ndi jekete yodyedwa ndi njenjete, ndimamuonetsa podula. Akakana, n'kubweranso mwezi wa mawa, podula pamakhala patasuntha."

"Tikunena za bulu," ndinatero.

"Eya. Za bulu." Anaseka pang'ono n'kutsokomola. "Ine ndikungofuna ndione majasi aja. Ndione ngati n'zoona."

Ndinati mawa.

Lachiwiri, 18 Juni

39.4. Mutu ukuzungulira. Laputopu sindinatsegule. A Telala anafunsa kamodzi. Ndinati mawa.

Lachitatu, 19 Juni

Ananditenga pa wilitcheya 10 koloko kukajambulanso mwendo. Anthu anali ambiri, ndinabwerera 12 itadutsa. Bedi 8 linali matiresi okhaokha, silinda ya mpweya ataikankhira pakona. Sisitala anandigwira paphewa. Akuti anangotsamira ngati akugona, cha m'ma 11.

Ndinawauza mawa kawiri. Ulendo wa pabwato, Chisamba anandiuza tsiku lija, ndi mphindi zinayi.

Lachinayi, 20 Juni

Ndinamuimbira Chisamba m'mawa. Sindinapepese bwino, ndinangoti abwere. Anabwera, anakhala pampando pakati pa bedi langa ndi lopanda munthu lija. Zala zanga zimaphonya mabatani, koma ndinakana kuti andigwirire.

Ndinamasula katundu pamsana pa Kapitawo. Ndinapereka chingwe kwa mkazi wa wabwato. Anamusisita pakhosi n'kunena kuti ali ndi khola louma ndi udzu wokwanira. Ndinakwera. Buluyo anatsatira mpaka madzi anamufika m'mawondo, n'kuima. Sanalire n'komwe. Gemu imakulola kutembenuka uli m'bwato, ndipo ndinayang'ana m'mbuyo njira yonse, iye akuchepa, mpaka nkhungu inamuphimba.

Tsidya, gemu inafunsa ngati ndiseve pamwamba pa paja ndinaseva kale. Chisamba anati, "Mukhoza kusunga zonse ziwiri, Bambo. Pakale paja pakhale, mukamusowa muzibwererako."

Ndinaganiza pang'ono. Ndimadzidziwa ine. Ndinaseva pamwamba.

Kenako ndinamuuza kuti atsegule dirowa. Fomu inali itapindika ndipo inali ndi dontho la tiyi. Ndinasaina ndi cholembera chomwechi. Chisamba anatuluka kukaimbira amayi ake, ndipo ndinamumva akulira pakhonde.

Adokotala anauona mwendo, anadina apa ndi apo, za bondo sananene. Akuti mawa 8 koloko ku fiyeta, kochitira opaleshoni, ndisadye kanthu kuyambira madzulo ano.

Lachisanu, 21 Juni

Andiveka chovala chotseguka kumbuyo. A Telala akanachinena. Ndayenda komaliza ndi miyendo iwiri kupita kuchimbudzi, akazi anga atandigwira: mapazi 38.

Ndikuopa.

Lamulungu, 23 Juni

Ndili moyo. Ndinafufuza ndi dzanja pansi pa bulangeti. Bondo palibe.

Lachiwiri, 25 Juni

Kutentha 37.4. Shuga 9. Andipatsa magazi mapaketi awiri. Mankhwala opha ululu maola sikisi alionse.

Adokotala akuti atatsegula anapeza matenda atafika kale pabondo. Ndinawafunsa ngati bondolo likanatsala ndikanasaina sabata ija. Anati, "Likanatsala." Sanawonjezere kanthu, ndipo ndawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

Zala zomwe kulibe zikuyabwa. Akuti zimatero.

Akazi anga sanandinene. Akungondipukuta kumaso ndi kansalu konyowa. Bola akanandinena.

Lachitatu, 26 Juni

Ndamupepesa Chisamba, mawu onse, osadula. Anati, "Ndinamva kale tsiku lija pafoni, Bambo, ngakhale simunanene." Kenako anandifunsa ngati ndayamba kuyenda tsidya. Ndinati mphamvu zikabwera. Wandisiyira mabatire atsopano a kachipangizo kaja.

Lachisanu, 28 Juni

Kutentha 36.9. Shuga 8. Achotsa kapaipi kotulutsa madzi pabala. Mayi wa mafizo, amene amaphunzitsa odwala kuyendanso, wandionetsa kukhala tsonga m'mphepete mwa bedi ndi kumanga bandeji. Pabedi 8 pabwera munthu wina wa ngozi ya njinga yamoto, amagona tsiku lonse.

Ndalowa mumzinda. Chisamba ananena zoona, kuja kunali pakhomo chabe. Misewu yokwera ndi yotsika, ngalande za madzi zodutsa pamwamba pa madenga, misika itatu, anthu a zilankhulo zosiyana. Amisiri a madzi agawikana pawiri, ena akufuna kuthandiza chigwa chathu, ena ayi, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chomveka. Kalata sindinaipereke. Ndinayamba ndafuna majasi.

A Telala, ndi awa. Ndi a buluu ndithu, woderako ngati inki, ndipo amafika pansi pa mawondo. Kolala ndi yoima. Mabatani ndi asanu ndi awiri, a mtengo, lomaliza samanga. Matumba ali m'mbali, opendekeka. Ndinamuzungulira munthu mmodzi kanayi monga munkandiuzira. Kutsogolo msoko suoneka, paphewa suoneka, kumsana suoneka. Kenako ndinapita kuseri kwa nyumba ya wochapa zovala, mwa chizolowezi changa chija, ndipo jasi lina linali pachingwe atalitembenuza. Msoko ulipo, a Telala. Anaupindira mkati n'kuuphimba ndi kansalu kena kopyapyala. Munanena zoona, linali bodza.

Ndikaima nthawi yaitali palibe wondigunda kumsana. Ndimaiwala n'kumadikira.

Lolemba, 1 Julayi

Shuga 8. Bala lauma, akuti ulusi achotsa Lachisanu.

Lero ndi tsiku loyamba kuimirira. Mayi wa mafizo anati ndivale zovala zanga, munthu amalimba mtima akachoka mu za chipatala. Sisitala atamva anagwira pakamwa. "Ine, ndinatsala pang'ono kuiwala!" Anabwera ndi kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala. Akuti a Telala anawapatsa Lachiwiri lija, n'kuwauza kuti adzandipatse ndikadzachoka ku fiyeta, osati ndisanapite.

Buluku langa lakuda. Thumba analikonza, inde. Koma mwendo wamanzere anaudula n'kuutseka kumunsi. Msoko wa pamanja, waung'ono, wofanana ngati wa makina. Chapakati pokha ndi pomwe wakhota pang'ono, mwina pomwe mpweya unawathera. Mkati anaikamo kansalu kofewa kuti bala lisamakhudzane ndi msoko.

Akazi anga ndi Chisamba anandiveka. M'chiuno ndendende. Mwendo wamanzere unapitirira pomwe ndathera ine n'kulendewera wopanda kanthu, pafupifupi zikhatho zitatu. Anasiya malo a bondo, otakasuka bwino kuti lizipinda, ndi chikhatho china pansi pake.

A Telala sanalakwitse muyeso. Anayesa Loweruka lija, ndi diso limodzi, bondo likadali langa.

Chisamba anati, "Ndipita nalo kwa telala wa pafupi ndi kuntchito kwathu, alifupikitse."

"Ayi. Msoko uwu asaukhudze munthu."

Akazi anga anachotsa pini pabulawuzi yawo, anapinda chotsalacho m'mwamba n'kuchigwiritsa m'chiuno. Mayi wa mafizo anandipatsa ndodo ziwiri. Akazi anga kumanja, Chisamba kumanzere, ndinaimirira. Pansi panali patali.

Kuchokera pabedi 7 kukafika pazenera, kuzungulira bedi 8: mapazi 9. Kubwerera sindinathe, anandibweza pa wilitcheya, thukuta lili kamukamu.

Mayi wa mafizo akuti khomo la wodi tiyesa mawa. Ndawapempha kuti tiyese masana ano.